Boila ya Kuseri kwa Nyumba

Lachisanu, 3 Januwale

Chisanu choopsa. Chitseko cha galimoto chinakana kutseguka m'mawa, ndinachita kuthirapo madzi ofunda. M'nyumba ndiye ngati ku Nsanje. Chitenje chokha, opanda masokosi.

Atupele, mng'ono wanga wa ku Zomba, anafunsa pafoni kuti boilayo nchiyani. Ndinangoti ndi mbaula yaikulu. Anaseka. Komatu ndi momwemo. Chibokosi chachitsulo chobiriwira, chachitali kuposa munthu, kuseri kwa nyumba. M'kati moto wa nkhuni, m'mbali madzi. Pampu imakankha madziwo m'mapaipi apansi pa nthaka mpaka m'marediyeta, zitsulo zofunditsa m'zipinda. Amuna anga a Dunstan anaigula yakale kwa mlimi wina, anaikonza okha, ngalande ya mapaipi anakumba okha mu Okutobala, mwezi umene ntchito yawo ya uinjiniya inatha. Zaka khumi ndi zinayi pakampani imodzi, kalata ya mizere isanu. Chichokereni ntchito, boila ndiye ofesi yawo. Amadzuka nayo, amagona atainong'oneza.

Nthawi zina ndimaifuna fulati yathu yakale ya ku Maryhill, m'kati mwa mzinda wa Glasgow. Kuno kumapeto kwa Balmore Road nyumba ziwiri zokha, yathu ndi ya a Rab, kenako minda.

A Rab anaima pampanda masana. Ati utsi ukulowa kuchipinda kwa akazi awo, a Moira, amene ali ndi mphumu. A Dunstan sanatembenuke nkomwe. Anawonjezera chikuni.

Lolemba, 6 Januwale

Tsiku langa lopuma. Ndikadapita kuntchito.

Nkhuni zouma nzodula, ndiye a Dunstan akumatola mapaleti, matabwa osanjikapo katundu, kuseri kwa masitolo, ena opaka penti ya buluu. Zitseko za mawadilopu akale, matabwa onyowa, chilichonse. Utsi wake wachikasu, fungo ngati matayala. Mphepo kulibe, chumuni nchachifupi, utsi ukungotsika nkukagona pazenera la a Moira.

A Rab anagogoda kumaso cha m'ma 12. Mdala wa zaka 73, kale ankawotcherera zitsulo kumene amapanga sitima zapamadzi, manja onjenjemera. Sanayambe ndi kukalipa. Anati, "Mkazi wanga akugona chokhala, bwanawe, chokhala." A Dunstan anati nyumba anagula ndi thukuta lawo, mpweya si wa munthu. Pofuna kutseka chitseko, a Rab anaikapo phazi.

A Dunstan anawakankha ndi manja awiri pachifuwa. Masitepe atatu, chagada, pa madzi oundana. Mutu unalira ngati dzungu lagwa pa simenti. Ndimaumvabe.

Anadzuka okha, magazi kuseri kwa khutu. Ndinawatolera chipewa, anandilanda osandiyang'ana.

Nditalowa, dzanja la a Dunstan pakhosi panga kumbuyoku, zala kulowa m'mnofu. "Chipewa chimenecho ndi cha bambo ako?" Anandisiya. Anakawonjezera nkhuni.

Lachinayi, 9 Januwale

Ambulansi kwa a Rab m'mawa ndikupita kubasi. A Moira pa machira, chophimba cha mpweya kumaso, milomo yabii. Ndagwira ntchito yosamalira okalamba zaka khumi ndi ziwiri, kupuma kumeneko ndimakudziwa.

Ndikulemba ndi dzanja lamanja, lamanzere lili m'beseni.

Nditaweruka cha m'ma 3 ndinawapeza a Dunstan paboila. Ndinayankhula mofatsa, Mulungu ndi mboni. Ndinati bambo a Wini, tiyeni tileke mapaleti, titalikitse chumuni, munthu angatifere. Basi, zomwezo.

Khofi loyamba sindinalione. Ndinangopezeka ndili pa mulu wa nkhuni, khutu likulira. Anandidzutsa ndi tsitsi, nkundikokera kuboila, nkutsegula chitseko. Moto kumaso, nsidze kununkha. "Vainess, ukufuna kuzizira eti? Ukufuna ndikhale mwamuna wolephera ngakhale kufunditsa nyumba yake?" Anandigwira mkono nkuutsamiritsa pa chitsulo cha pakamwa pa ng'anjo. Sindikudziwa nthawi yake. Ndinamva kulira kwa nyama pachiwaya ndisanamve ululu.

Khungu latsala pomwepo. Chilonda chachitali ngati chala, pamwamba pa pomangira wotchi.

Komaliza kundimenya tinali ku Sighthill, m'nyumba zosanja zija anagwetsa, Wini ali kupulayimale. Ndinkati zinagwa pamodzi ndi nyumbazo.

Lamlungu, 12 Januwale

Malaya a manja aatali masiku atatu. Kuntchito ndanena kuti ndi uvuni. Gogo wina amene sakumbukira ngakhale dzina la mwana wake anandigwira mkono pomusambitsa, nkundiyang'ana nthawi yaitali. 

Kutchalitchi a Dunstan ndiye anawerenga mawu. Suti ya imvi, mawu ozama, azungu kugwedeza mitu. Potuluka a Kalekeni, mkulu wa mpingo mnzawo, anati mwamuna uyu ndi mzati wathu ife Amalawi kuno.

Dzulo a Dunstan anandigulira mafuta a zilonda zamoto ndi bandeji. Anandimanga okha, mosamala, ngati akukulunga paipi. Misozi m'maso. Ati ndi Satana, ati ntchito ikapezeka zonse zitha. Ndinawakhulupirira kwa ola limodzi mwina.

Mapaleti ena asanu ndi atatu afika.

Lachitatu, 15 Januwale

Kalata ya kukhonsolo, za utsi. Akufuna kudzaona boila. A Dunstan anaiwerenga kawiri nkuiponya mu boila momwemo.

A Moira akadali kuchipatala. Akuti madokotala sakufuna abwerere kunyumba ya utsi.

Titapita kukagula zinthu masana, a Rab anaponya paipi yothirira maluwa pamwamba pa mpanda nkutsegula madzi pa mulu wonse wa nkhuni. Maola awiri. Pobwera tinapeza nkhuni zagwirana, madzi ayamba kuundana, mwala umodzi.

A Dunstan sanakalipe. Ndimaopa kwambiri akapanda kukalipa. Anaika majumbo pansi bwinobwino, mazira pamwamba, nkukatenga nkhwangwa. Paipi ija anaidula zidutswa zisanu ndi chimodzi. Kenako mpanda, matabwa anayi. Kenako anadutsa pa mpatawo nkukalowa m'kanyumba kagalasi ka a Moira, kolimamo tomato. Galasi limodzi limodzi, osapupuluma. Miphika ya maluwa kuiponda. A Rab ali pakhomo pawo akutukwana, mawu akutha, foni m'manja koma zala zikukana kudina.

Ine ndinaima ndi jumbo ya mkaka. Sindinasunthe. Ndikudzida.

Galasi linawacheka pachikhatho, magazi pa chogwirira cha chitseko, pa sinki, pa thaulo langa loyera. Ndapukuta ndine.

Lamlungu, 19 Januwale

Mwana wathu Winifred anabwera kudzadya nafe. Zaka 22, chaka chomaliza cha unamwino, akukhala ndi mnzake ku Gorbals. Ndinaiwala, ndinapinda malaya potsuka mbale.

Mwana wa unamwino sungamunamize za uvuni. Anamasula bandeji yekha. Chilonda chatukusira, m'mbali mofiira, mafinya. Ndinamuyankhula Chichewa, iye kuyankha Chingerezi chake cha ku Glasgow chothamanga chija, mpaka pamapeto anatulutsa Chichewa chothyokathyoka: "Amama, ndani anachita ichi?"

Anatuluka kuseri foni ili kukhutu. Bambo ake anali paboila, chitseko chotsegula. Ndinaona pazenera. Anamupotokola dzanja mpaka anagwada, foni kuilanda, kuiponya m'moto, kutseka. Batire inaphulika m'katimo, phuu. Wini anawalavulira kumaso. Anamumenya ndi kuseri kwa dzanja, mlomo kung'ambika, dzino kugwedera. Mwana amene ankamunyamula pamapewa kupita naye kukaona mabwato ku ngalande ya Maryhill.

Ndinalowa pakati. Chibakera chimene chimapita kwa iye chinandipeza m'nthiti.

Pa geti Wini anandikoka, ati tiyeni pompano, nsapato tikagula. Ndinati ndibwera, ndikonze kaye zinthu. Zinthu zanji? Anapita wapansi mpaka kubasi, magazi pa sikafu.

Lolemba, 20 Januwale

Apolisi awiri m'mawa, mwamuna ndi mkazi. Wini anakanena. A Rab nawonso anali atanena za kanyumba kagalasi.

A Dunstan anawapangira tiyi. Juzi yabwino, Chingerezi cha kuofesi. Ati kusamvana kwa anthu oyandikana nyumba, magalasi adzabwezera, mwana ndi wamwano, foni inagwa yokha. Wapolisi wamkazi ananditengera kuchipinda nkutseka chitseko. Anafunsa katatu. Katatu ndinati uvuni. Za Wini ndinati sindinaone.

Anandisiyira kakhadi ka nambala. Ndakabisa m'thumba la ufa.

Apolisi awauza a Dunstan kuti nkhani ya galasi ndi ya Wini sizinathe, adzawaitana. Atachoka, a Dunstan anandisisita pamutu. Ndikadakonda khofi.

Wini sakuyankha mauthenga amene ndikutumiza pa foni ya mnzake.

Lachisanu, 24 Januwale

Chimphepo. Boma linachenjeza dzulo, mafoni onse kulira nthawi imodzi. Mabasi kulibe, masukulu atseka, kuntchito ati ndisayerekeze.

Sindinaonepo zotere chibwerereni. Mabini a zinyalala kuuluka ngati mapepala. Matailosi a padenga kumasweka pabwalo. Nyumba kumanjenjemera.

Magetsi anazima cha m'ma 11. Popanda magetsi pampu siyenda. A Dunstan anali atangodzaza ng'anjo mpaka pakamwa. Moto wonse uja, madzi osapita kulikonse. Boila inayamba kubwata, kugunda m'kati ngati muli munthu wotsekeredwa, nthunzi kufwamphuka pamwamba. M'nyumba marediyeta kumazizira. Anathamanga uku ndi uku m'mphepo imeneyo, kukoka zikuni zoyaka ndi fosholo, kuziponya pa udzu, nthunzi inawawaula patsaya. Anaimenya mateche boila yawo yomwe. Anaitukwana m'Chichewa cha kwawo chimene sindinachimve zaka makumi awiri.

Cha m'ma 2 mtengo waukulu wa m'bwalo la a Rab unazuka ndi mizu yomwe. Unagwera kwathu, pa mpanda, pa shedi ya nkhuni. Pansi panagwedezeka.

A Dunstan anauyang'ana pazenera, tsaya lili tuzatuza. Anamwetulira. Ati nkhuni za chaka chamawa zabwera zokha.

Loweruka, 25 Januwale

Ndilembe zonse momwe zinachitikira, ndisanayambe kudzinamiza.

Mphepo inaleka. Magetsi kulibe. Cha m'ma 10 m'mawa a Dunstan analiza tcheniso, makina awo ochekera mitengo, nkuyamba kudula nthambi. Ine ndimachotsa phulusa mu boila ndi fosholo, anandituma.

A Rab anadutsa pa mpata wa mpanda. Chimanjamanja. Ndikubwereza, chimanjamanja. Ovala masilipasi. Amakuwa kuti mtengowo asaukhudze, anaudzala ndi a Moira chaka chimene mwana wawo anamwalira. A Dunstan osazimitsa makina. A Rab anawakoka jekete kumbuyo.

A Dunstan anaika tcheniso pansi. Anatola chikuni chachiwisi, chachikulu ngati mwendo. Koyamba pachibwano. Mano oikirira anauluka nkugwera mu utuchi. A Rab anagwa chammbali. Kachiwiri m'nthiti. Kenako anataya chikuni, anawakhalira pamimba, zibakera, kumanja, kumanzere, kumanja, mutu wa mdala kumangotembenuka ngati wa chidole. Anali atasiya kale kudziteteza. Manja ali tambalale. Mkodzo kuyenderera m'thalauza.

Ndinakuwa dzina lawo. Ndinakuwa bambo a Wini, ndinakuwa Dunstan, ndinakuwa iwe. Anatambasula dzanja kufuna chikuni chija kachiwiri.

Fosholo inali m'manja mwanga. Ndinaikweza ndi manja awiri ngati khasu. Kumbuyo kwa mutu, chakukhutu. Anagwa chafufumimba pamwamba pa a Rab. Khungu la pamutu linatseguka, magazi ngati mpopi. Ndinamva kukoma. Mulungu andikhululukire, kamphindi kamodzi ndinamva kukoma, ndipo manja ankafuna kubwereza.

Ndinawakunkhuniza a Dunstan, ndinagoneka a Rab chammbali, kuchotsa magazi m'kamwa ndi zala kuti apume. Ndinaimba 999.

Dunstan anatsitsimuka ambulansi isanafike. Anakhala tsonga, thaulo pamutu, kundiyang'ana. Apolisi atafika, akumumanga bandeji, anandiyankhula m'Chichewa, mofatsa, ngati akundilimbitsa mtima, apolisi ali pomwepo osamva kanthu: "Unene kuti mdalayu ndiye anayamba kunditema ndi fosholo. Ukanena zina tonse tikalowa, iwe ndi ine."

Atandifunsa ndinati sindinaone bwino. Mano amagundana. Ati abweranso ndikakhazikika.

Lachiwiri, 28 Januwale

Magetsi anabwera Lamlungu. Boila sindinaiyatse, sindiiyatsa. Kahita kamagetsi kuchipinda, mabulangete atatu, chipewa. Mpweya wanga ndikuuona m'khitchini.

A Rab chibwano chothyoka pawiri, nthiti zinayi, diso limodzi sakudziwa ngati lidzaonanso. Sakukumbukira chilichonse kuyambira pamene anatuluka m'nyumba. Ali chipatala chimodzi ndi akazi awo, nsanjika zosiyana.

Dunstan masititchi khumi ndi awiri. Dzulo kukhoti, atuluka pa belo. Akhale kwa a Kalekeni, asayandikire msewu uno. Wauza apolisi kuti a Rab anatola fosholo yathu nkumutema kumbuyo, iye amangodziteteza. Ndiye kuti mdala akadzuka, wopanda mano, wa diso limodzi, akapeza mlandu ukumudikira.

Mayi Kalekeni anabwera ndi amayi awiri a Mvano. Mpunga, nkhuku, pemphero lalitali. Kenako uthenga. Ati banja ndi kupirira, ati tisachititse manyazi Amalawi pamaso pa azungu, ati mwamuna akamangidwa nyumba iyi muikwanitsa nokha? Ndinapinda malaya nkuwaonetsa mkono. Mmodzi anayang'ana kumbali. Mayi Kalekeni anati, "Pepani mayi, koma izi nza m'nyumba."

Anawonjezera kuti abambo akufunsa ngati mukuyendetsa pampu, mapaipi angaphulike ndi chisanu. Za ine sanafunse.

Nkhuku ndadya. Inali yokoma.

Lachitatu, 29 Januwale

Ndinatenga kakhadi kaja nkuimba ndekha. Wini anandiperekeza, ndinamupeza kudzera kwa mnzake. Mlomo wapola, dzino lada. M'basi anangondigwira chala chimodzi ngati ali mwana.

Maola anayi kupolisi. Wapolisi wamkazi yemwe uja. Ndisanafike pa za fosholo anandiimitsa, ati zimene ndinene zikhoza kundibweretsera mlandu ineyo, ndili ndi ufulu wodikira loya. Ndinadikira. Loya atabwera ndinanena zomwezo. A Rab anali chimanjamanja. Fosholo ndinamenya ndine. Ndinanena za masitepe, za Wini, za ku Sighthill. Anajambula mkono, anajambula nthiti, kachingwe koyezera pambali.

Kaya andizenga mlandu, kaya ayi, ati aona akuluakulu. Kuntchito ndiyenera kukanena, mwina andiimitsa kaye. Zaka khumi ndi ziwiri.

Potuluka ndinasanza m'mbali mwa msewu. Kenako njala. Tinadya tchipisi titaima, chamchere wambiri.

Lachinayi, 30 Januwale

Apolisi anapita kwa a Kalekeni masana kukamutenga Dunstan pa milandu yatsopanoyi. Sanamupeze. Anatuluka m'mawa, ati akukagula mankhwala a mutu, foni anaisiya pa tebulo. A Kalekeni anandiimbira okha, mawu ang'onoang'ono. Ati mayi, mukhome zitseko.

Apolisi akuti ndichoke. Wini amafuna ndipite lero lomwe, koma ali pa shifiti mpaka mawa, ndipo ndimafuna mapepala anga, pasipoti, zithunzi za amayi. Ndalongedza masutikesi awiri. Wini abwera ndi galimoto ya mnzake 9 koloko m'mawa. Apolisi adutsa kawiri, aunika kuseri, kulibe munthu.

Dunstan makiyi ali nawo. Ndakhoma mabawuti a zitseko zonse ziwiri, kukhitchini ndatsamiritsako tebulo. Chipinda ndikhoma.

Nyumba ya a Rab mdima. Mtengo uli pomwepo, wodulidwa theka.

Lachisanu, 31 Januwale

7:20 m'mawa. Ndadzuka thukuta. Mabulangete ndakankhira pansi ndili m'tulo. Ndimati malungo, mwina chilonda chija.

Kahita nkozimitsa, ndinakazula dzulo nkukaika m'katoni.

Rediyeta ikulira tiki, tiki. Ndaigwira. Yotentha, yosagwirika.

Madzi a mu boila akazizira satenthanso msanga. Maola atatu, anayi. Ndiye kuti yayatsidwa ndili m'tulo.

Sindinatsegule katani, ndangosuzumira m'mbali. Kukuyera. Utsi uli tolo kupita kumwamba. Jekete la Dunstan pa chogwirira cha wilibala. Iye sindikumuona, ali kuseri kwa shedi, ndikungomva. Akuwaza nkhuni. Kha. Kupuma. Kha.

Ndaimba kupolisi. Ati mphindi khumi ndi ziwiri, msewu wina ukadali wotsekeka ndi mitengo. Ndisatuluke m'chipinda, foni ndisadule. Mtsikana wa pa foniyo akundifunsa ngati ndili bwino, ndikuti eya. Wini ndamulembera kuti asabwere, asabwere, adikire ndimuimbire. Ndikulemba kuti manja apeze chochita.

7:26. Kha. Kha.

7:29. Akuimba nyimbo ya m'buku, ya pa ukwati wathu.

7:31. Nkhwangwa yasiya